Amene amatenga mabotolo a madzi pa Tour de France amadyera chiyani?

Funso: Mwezi wa July ndinatsatira Tour de France pa TV kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Opalasa njinga analipo pafupifupi 180, koma olengeza ankangotchula mayina atatu kapena anayi. Ena ndinkawaona akubwerera kugalimoto kukatenga mabotolo a madzi, ena akutsogola kwa maola kenako n'kungopatuka mwadala. Anthu amenewa amadyera chiyani? Munthu amalowa bwanji ntchito imeneyi, ndipo amakhalamo zaka zingati?

Yankho: Maso anu anaona bwino, ndipo chimene chinakuzunguzani mutucho ndiye phata la masewera amenewa. Mwa anthu onse amene amanyamuka tsiku loyamba, obwera ndi chiyembekezo chenicheni chopambana mpikisano wonse safika khumi. Enawo anabwera kudzagwira ntchito, ndipo ntchito yawo ndi yoti mnzawo apambane. Mukafuna kumvetsa moyo wa wopalasa njinga wolipidwa, yambirani kwa anthu amenewa, chifukwa ndiwo ochuluka.

Mipikisano ikuluikulu ya masabata atatu ilipo itatu. Tour de France inayamba mu 1903, Giro d'Italia mu 1909, ndipo Vuelta a España mu 1935. Masiku ano uliwonse uli ndi zigawo 21, chigawo chimodzi pa tsiku, ndi masiku awiri kapena atatu opumira, ndipo mtunda wonse umaposa makilomita 3,000. Nthawi imene munthu watenga pa chigawo chilichonse imaphatikizidwa, ndipo wochepekedwa nthawi ndiye amavala jezi ya wotsogola: yachikasu ku France, yapinki ku Italy, yofiira ku Spain. Munthu akhoza kupambana mpikisano wonse osapambana chigawo ngakhale chimodzi. Akhozanso kuutaya ndi kanthawi kochepetsetsa, monga anachitira Laurent Fignon mu 1989, pamene Greg LeMond anamuposa ndi masekondi 8 okha atapalasa masabata atatu.

Chimene chimabala ntchito ya othandiza ndi mphepo. Munthu akamapalasa pa liwiro la makilomita 40 pa ola pamalo athyathyathya, mphamvu zake zambiri zimathera pong'amba mphepo. Wobisala kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a mphamvuzo, ndipo amene ali pakatikati pa chigulu amapulumutsa koposa pamenepo. Choncho timu ya anthu 8 imasankha mmodzi woti asungidwe ngati dzira mpaka pa phiri lomaliza, ndipo 7 otsalawo amadzitha kuti iyeyo afike pamenepo ali ndi mphamvu. Amene munamuona akutsogola kwa maola kenako n'kupatuka uja sanagonje. Anauzidwa m'mawa m'basi ya timu kuti akoke chigulu mpaka pakutipakuti, ndipo atafika pamenepo ntchito yake ya tsikulo inali itatha. Chotsala chinali kusunga miyendo kuti mawa adzachitenso chimodzimodzi.

Munthu wotere amatchedwa domestique, mawu a Chifalansa otanthauza wantchito wa m'nyumba. Anayamba ngati chipongwe. Henri Desgrange, amene anayambitsa Tour, anawagwiritsa ntchito mu 1911 ponyoza Maurice Brocco chifukwa chogulitsa mphamvu zake kwa wopalasa wina. Lero ndi dzina la ntchito yolemekezeka. Iye ndiye amatenga madzi ndi chakudya kugalimoto, kulonga mabotolo m'jezi mpaka kumsana kutupa, n'kudutsa chigulu chonse kukagawira anzake. Tayala la mtsogoleri likaphwa, amaima naye n'kumukoka mpaka atapezanso gulu. Zikavuta amapereka njinga yake yomwe. Mu 1934 mnyamata wa zaka 20, René Vietto, anali wamphamvu m'mapiri kuposa mtsogoleri wake Antonin Magne. Magne atagwa potsika phiri ku Pyrenees, Vietto anamupatsa gudumu lake n'kukhala pakhoma la m'mbali mwa msewu akulira, kudikira galimoto. Magne anapambana Tour ya chaka chimenecho, Vietto anathera pa nambala 5.

Sindikubisirani, pamenepa pamakhala zowawa. Mu 2012 Chris Froome ankathandiza Bradley Wiggins mu timu ya Sky, ndipo pokwera La Toussuire anawonjezera liwiro mpaka Wiggins anayamba kutsalira. Froome anauzidwa pa wailesi ya m'khutu kuti adikire, ndipo anadikira. Wiggins anapambana, Froome anakhala wachiwiri. Chaka chotsatira mpata unali wake, ndipo anapambana Tour kanayi: 2013, 2015, 2016 ndi 2017. Sepp Kuss wa ku America naye mu 2023 anathandiza Primož Roglič kupambana Giro, anathandiza Jonas Vingegaard kupambana Tour, kenako iye mwini anapambana Vuelta, mabwana ake awiri aja ataima pambali pake ngati wachiwiri ndi wachitatu. Nkhani ziwirizi anthu amazikonda, koma ndi zosowa kwambiri. Othandiza ambiri amapuma pantchito asanalawe mpata wotere, ena osapambana mpikisano ngakhale umodzi pa moyo wawo wonse wolipidwa.

Tsono za ndalama. Wopambana Tour de France amalandira mayuro 500,000, wopambana chigawo mayuro 11,000. Mwa mwambo wakale ndalama zimenezi zimaponyedwa m'thumba limodzi n'kugawidwa kwa timu yonse, kuphatikizapo amakaniko ndi osisita minofu. Koma palibe amene amadalira mphotho. Chodyera chenicheni ndi malipiro a pa kontrakiti. Pa matimu 18 apamwamba, a gulu la WorldTour, malipiro otsikitsitsa ololedwa amangopitirira pang'ono mayuro 40,000 pa chaka, pomwe akatswiri ochepa a pamwamba amalandira mamiliyoni. Wothandiza wodalirika m'mapiri amalipidwa bwino ndithu, nthawi zina kuposa mtsogoleri wa timu yaing'ono, chifukwa matimu olemera amadziwa kuti popanda iye mtsogoleri wawo ndi wamasiye.

Chofooka cha ntchitoyi chili pa gwero la ndalamazo. Pamsewu palibe geti, woonera salipira tikiti. Ndalama za TV zimapita kwa okonza mipikisano, monga kampani ya ASO imene ndi mwini wa Tour. Matimu amadalira makampani amene amalemba mayina awo pa majezi, n'chifukwa chake mayina a matimu amasinthasintha. Imene inali Rabobank inadzakhala Belkin, kenako LottoNL-Jumbo, Jumbo-Visma, ndipo tsopano Visma–Lease a Bike. Kampani ikachoka wina osapezeka, timu imatha. HTC-Highroad inatsekedwa mu 2011 ili imodzi mwa matimu opambana kwambiri padziko. Qhubeka, timu ya ku South Africa imene inalowa Tour koyamba mu 2015, inagwa kumapeto kwa 2021 pa chifukwa chomwecho. Makontrakiti ambiri ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri. Wopalasa amene kontrakiti yake ikutha amafika mu September akupalasa ndi mtima uli m'mwamba, akudziwa kuti akagwa mwezi umenewo n'kuthyoka phewa, mwina ntchito yathera pomwepo. Kwa ine ichi ndiye chilema chachikulu cha masewerawa, ndipo chimapweteka kwambiri anthu omwe aja amene amadzipereka chifukwa cha anzawo, poti pa pepala la zotsatira dzina lawo limapezeka pa nambala 97.

Njira yolowera nthawi zambiri imayamba mwana ali wamng'ono, m'makalabu. Pa zaka 17 ndi 18 amapikisana m'gulu la achinyamata, kenako m'gulu la osapitirira zaka 23. Mpikisano umene matimu amauyang'anitsitsa ndi Tour de l'Avenir ku France. Egan Bernal anaupambana mu 2017 n'kupambana Tour mu 2019, Tadej Pogačar anaupambana mu 2018 n'kupambana Tour mu 2020. Wooneka bwino amaitanidwa kudzayesedwa m'timu yaikulu kuyambira August, ndipo akakhutira naye amamupatsa kontrakiti yoyamba ya zaka ziwiri. Kale ankangoona zotsatira. Masiku ano njinga iliyonse ili ndi kachipangizo koyeza mphamvu imene miyendo ikutulutsa, ndipo nambala imene makochi amaifuna ndi mawati pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Okwera mapiri apamwamba amatha kusunga mawati oposa 6 pa kilogalamu kwa theka la ola. Chifukwa cha manambala amenewa matimu ayamba kutenga ana aang'ono kwambiri. Remco Evenepoel, amene poyamba ankasewera mpira, analumpha gulu la osapitirira 23 n'kulowa timu yaikulu mu 2019 ali ndi zaka 19. Ine zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa chipangizo chimayeza miyendo koma sichiyeza ngati mwanayo angapirire moyo wa m'mahotela ndi sikelo kwa zaka 15.

Ena amalowera pakhomo lina. Roglič anali wolumpha pa chipale chofewa. Vingegaard ankagwira ntchito pa fakitale ya nsomba ku Denmark, akupalasa akaweruka. Jay Vine wa ku Australia anapeza kontrakiti mu 2020 kudzera pa mpikisano wa pa intaneti wa Zwift, ndipo mu 2022 anapambana zigawo ziwiri za Vuelta. Kwa wochokera kunja kwa Ulaya msewu ndi wautali, popeza mipikisano yoti aonekerepo ili ku Ulaya, ndipo ayenera kupeza chitupa, pokhala ndi timu. Froome anabadwira ku Nairobi ndipo anaphunzira njinga kwa David Kinjah. Daniel Teklehaimanot ndi Biniam Girmay a ku Eritrea anadutsira pa sukulu ya UCI, bungwe loyang'anira masewera a njinga padziko lonse, ku Aigle, m'dziko la Switzerland. Teklehaimanot anavala jezi ya madontho ofiira, ya wokwera mapiri, pa Tour ya 2015. Girmay anapambana chigawo cha Giro mu 2022, koma chotsekera botolo la vinyo wa chikondwerero chinamuthulira m'diso pa nsanja, ndipo mawa lake sananyamuke. Mu 2024 anapambana zigawo zitatu za Tour ndi jezi yobiriwira, ya wosonkhanitsa mapointi ambiri.

Akalowa, chaka chake chimakhala cha makilomita pafupifupi 30,000, masiku opikisana 60 kapena kuposa, ndi masabata ambiri pamwamba pa mapiri monga Teide ku Tenerife kapena Sierra Nevada ku Spain, kumene mpweya wochepa umakakamiza thupi kupanga magazi onyamula mpweya wambiri. Banja amaliona mwa apo ndi apo. Ndipo si aliyense m'timu amene amapita ku Tour. Timu ili ndi opalasa pafupifupi 30, malo ndi 8. Kungosankhidwa kokha ndi chinthu chimene ena amachilakalaka mpaka kupuma.

Chimene chimasiyanitsa mpikisano wa masabata atatu ndi wa tsiku limodzi ndi kuchira. Amphamvu tsiku limodzi alipo ambiri. Amene thupi lawo limadzuka tsiku la 18 lili ngati la tsiku la 4 ndi ochepa, ndipo sizidziwika mpaka munthu atayesa. Tsiku la phiri wopalasa amatentha makalori 6,000 kapena kuposa, ndiye kudya kumasanduka ntchito: mpunga woyezedwa pa sikelo m'mawa, zotsekemera magalamu 90 mpaka 120 pa ola ali panjinga, chakudya china akangofika. Akaiwala kudya kwa ola limodzi miyendo imangoti zii, ndipo mphindi zimene wataya sizibwerera. Akamaliza amapalasanso pang'ono pa njinga yoimikidwa kuti minofu izizire bwino, kenako basi, hotela yatsopano, kusisitidwa, kudya, kugona. Ngakhale tsiku lopuma amapalasa ola limodzi kapena awiri, kuopa kuti thupi lingaganize kuti nkhondo yatha.

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo palibe amene anaziona ngati Simon Yates. Pa Giro ya 2018 anavala jezi yapinki masiku 13, anapambana zigawo zitatu, akuukira pa phiri lililonse ngati mphamvu sizidzatha. Pa chigawo cha 19, pokwera Colle delle Finestre, phiri limene kumtunda kwake msewu ndi wafumbi, thupi linakana. Froome anachoka yekha kutatsala makilomita 80 n'kulanda mpikisano, Yates anafika atatsalira pafupifupi mphindi 39. Patapita zaka 7, mu 2025, Giro inabwereranso pa phiri lomwelo pa chigawo cha 20. Yates anali wachitatu, ndipo masabata onse atatu anali atapalasa mwakachetechete, osaononga mphamvu. Anaukira pa Finestre pomwepo, Isaac del Toro ndi Richard Carapaz, amene anali woyamba ndi wachiwiri, akungoyang'anizana. Koma taonani chimene chinamaliza nkhaniyo. Mnzake wa Yates wa m'timu, Wout van Aert, katswiri amene payekha wapambana mipikisano ikuluikulu, anali atatumizidwa kutsogolo kuyambira m'mawa. Anamudikira kuseri kwa phiri n'kumukoka m'chigwa chopita ku Sestriere ndi mphamvu zake zonse mpaka zitamuthera. Mpata umene unali wa kamphindi unakula kufika mphindi zingapo, ndipo Yates anapambana Giro.

Kumbuyo kwa mpikisano kuli nkhondo ina imene kamera siionetsa. Chigawo chilichonse chili ndi malire a nthawi, owerengedwa kuchokera pa nthawi ya wopambana, ndipo wofika mochedwa kuposa pamenepo amachotsedwa. Tsiku la mapiri, othamanga a matupi akuluakulu ndi othandiza amene atha ntchito amasonkhana m'gulu lotchedwa gruppetto. Mmenemo matimu amaiwalika. Amagawana madzi, amasinthana kutsogolo, ndipo pamakhala wachikulire wodziwa kuwerengera kuti akwere pa liwiro lanji ndi kutsika motani kuti apulumuke. Mark Cavendish anapambana chigawo chake cha 35 pa Tour mu 2024, kuposa 34 za Eddy Merckx, koma pa Tour yomweyo tsiku loyamba anadwala ndi kutentha, ndipo anzake a m'timu ndiwo anamuperekeza mpaka kufika nthawi isanathe. Popanda iwo mbiri ija sikanalembedwa.

Za ngozi sindingazidumphe. Potsika phiri liwiro limafika makilomita 90 pa ola, munthu atavala kansalu kopyapyala ndi chipewa choteteza mutu, chimene chinakhala lamulo mu 2003 Andrei Kivilev atamwalira pa Paris–Nice. Fabio Casartelli anafa pa Tour ya 1995, Wouter Weylandt pa Giro ya 2011, Gino Mäder pa Tour de Suisse ya 2023 ali ndi zaka 26. Opulumuka ena sabwereranso mwakale. Froome anawomba khoma mu June 2019 akuyendera msewu pa Critérium du Dauphiné, anathyoka fupa la ntchafu, ndipo sanapambanenso mpikisano waukulu. Bernal anawomba basi yoima ku Colombia mu January 2022 akuchita zokonzekera, ndipo panatenga zaka kuti ayambenso kulimbana ndi otsogola.

Palinso mbiri ya mankhwala owonjezera mphamvu, imene wopalasa aliyense wa lero amaisenza ngakhale sanalakwe. Mu 1998 timu ya Festina inathamangitsidwa pa Tour galimoto yake itagwidwa ndi mankhwala. Mu 2012 Lance Armstrong analandidwa zipambano zake 7 za 1999 mpaka 2005, ndipo zaka zimenezo zinasiyidwa zopanda wopambana. Kuyambira 2008 magazi a wopalasa aliyense amalondoleredwa kwa zaka, kuti kusintha kosayembekezeka kuonekere ngakhale mankhwalawo asanapezeke. Tsiku lililonse la chaka ayenera kulembetsa ola limodzi ndi malo amene oyeza angamupeze, ndipo akasowa katatu m'miyezi 12 amaimitsidwa ngati wolakwa. Ndi moyo wopanikizika, koma ndimauvomereza, chifukwa amene ankavutika kwambiri nthawi ya mankhwala anali wachinyamata woona mtima, amene ankauzidwa kuti asankhe pakati pa jakisoni ndi kubwerera kwawo.

Zaka zimene munthu amakhalamo zimasiyana kwambiri. Ambiri amathera pa kontrakiti yoyamba kapena yachiwiri, ndipo amachoka popanda mwambo wotsanzikana, foni yokha imasiya kulira. Okhazikika amafika zaka za m'ma 30. Alejandro Valverde anapuma mu 2022 ali ndi zaka 42, ndipo Chris Horner anapambana Vuelta ya 2013 ali ndi 41, koma amenewa ndi apadera. Ena amachoka miyendo idakali yabwino, mtima utatopa. Marcel Kittel, wopambana zigawo 14 za Tour, anasiya mu 2019 ali ndi zaka 31. Tom Dumoulin, wopambana Giro ya 2017, anayamba wapuma miyezi ingapo mu 2021, n'kusiyiratu chaka chotsatira, nayenso ali ndi 31. Chimene ndachiona n'chakuti wothandiza wabwino nthawi zambiri amakhalitsa kuposa wopambana wapakatikati. Wopambana akasiya kupambana mtengo wake umagwa msanga, pomwe munthu wodziwa kumene mphepo idzawombere pa kilomita ya 120, wosadwaladwala, wosagwaigwa, wosadandaula, timu iliyonse imamufuna. Ambiri a iwo akapuma amakhala m'galimoto ya timu n'kumalankhula pa wailesi ija, ndipo amachita bwino, popeza anazolowera kuwerenga mpikisano m'malo mwa munthu wina.

Adam Hansen wa ku Australia anamaliza mipikisano ikuluikulu 20 motsatizana, kuyambira Vuelta ya 2011 mpaka Giro ya 2018, osadumpha ngakhale umodzi. Pa masiku oposa 400 amenewo anapambana zigawo ziwiri, chimodzi pa Giro ya 2013 ndi china pa Vuelta ya 2014. Masiku ena onsewo ankatenga mabotolo ndi kukokera anzake. Mu 2023 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa CPA, bungwe loimira opalasa njinga olipidwa, ndipo iye ndiye amakakhala pa tebulo ndi UCI ndi okonza mipikisano pokambirana za malipiro ndi chitetezo cha pamsewu.